Msana wa Mkamwini ndi Mpunga wa Apongozi

Kalekale, m'mudzi wina wa m'mphepete mwa dambo, munali mayi dzina lake Nangondo. Mayiyu ankalima mpunga wofiira, wa maso ang'onoang'ono, umene akuti mbewu yake inabwera ndi amwenye amalonda. Sunali mpunga wa paukwati ayi. Unali wa odwala. Ankauphika mumkaka, n'kuumanga m'kansalu, n'kumathowa nawo pamene pakupweteka udakali wotentha.

Nangondo anali ndi mkamwini, Kamtedza, wochokera kumapiri kumene mpunga amangoumva mbiri. Munthuyu anali waulemu mpaka kutopetsa. Akaona apongozi m'njira, iye ulendo m'tchire, minga kaya minga. Sankawayang'ana, sankawalankhula, sankadya iwo akuona. Mwambo unkatero ndithu, koma iye ankachita kuwonjeza.

Tsiku lina akunyamula mtolo wa nsungwi, msana unangoti khethe. Anagona pamphasa ngati chipika. Mkazi wake n'kuti ali kutsidya, kukasamalira mng'ono wake amene anali atangobereka. Mitambo nayo inali itayamba kusonkhana.

Atsibweni a mkaziyo, mlongo wake wa Nangondo, anasuzumira pakhomo.

"Akamwini, ife pano tinkafuna khasu, osati chopsinjira mphasa. Mvula ikagwa dambo lisanalimidwe, njira ya kwanu mukuidziwa."

Mankhwala analipo. Sing'anga analipo. Koma sing'angayo anali apongozi, ndipo apongozi sagwira msana wa mkamwini.

Nangondo anaphika, anamanga, anakankhira kansaluko m'nyumba ndi ndodo, nkhope atalozetsa kwina. Mumtima anati, munthu wamkulu, adziwa chochita.

Kamtedza anamasula mfundo. Ananunkhiza. Anameza malovu.

"Apongozi anga ndi munthu," anatero.

Anadya wonse, ananyambita nsalu, n'kuipinda bwinobwino, n'kuikankhira panja.

M'mawa mwake chimodzimodzi. Tsiku linalo chimodzimodzinso. Masaya anayamba kutuluka, khungu linayamba kusalala, koma msana uli pomwepo.

Nangondo anaiyang'anitsitsa nsalu ija. Inkabwerera yoyera ngati yochapa. Anazindikira. Anakhala pakhonde, anawazira nkhuku madeya, n'kukweza mawu pang'ono.

"Nkhuku iwe, m'dziko muno muli anthu ena amadya mankhwala othowera."

Kamtedza analakalaka mphasa itamumeza. Kenaka anayankha chapansipansi.

"Nkhuku, uwauze kuti anthu enawo palibe anawauza. Ndiponso manja awo safika kumsana."

"Nkhuku, uwafunse ngati unkakoma."

"Nkhuku, kunena zoona, dzulo mkaka unachepa."

Nangondo anaseka mpaka kutsokomola. Koma kuseri kwa phiri bingu linagunda, kuseka n'kutha. Anakumbukira nkhuni zimene ankazipeza kuseri kwa nyumba yake zitawazidwa kale, mwiniwake wosadzitchula. Mkamwini wotere sapirikitsidwa chifukwa cha mtolo wa nsungwi.

Anaphikanso, ulendo uno mkaka wokwanira. Anamangirira kansalu kumutu kwa munsi. Anadziphimba kumaso ndi chitenje, anaima pakhomo, n'kulowetsa munsiwo m'nyumba.

"Nkhuku, uwauze agone chafufumimba."

Munsi unatsika. Phwa.

"Nkhuku, limenelo ndi khutu," anatero Kamtedza.

Phwa.

"Nkhuku, atsika kwambiri. Kumeneko sikukudwala."

Phwa.

"Eee, pomwepo, nkhuku. Asasunthe."

Kutentha kunalowa m'mafupa. Mkaka unayenderera m'nthiti. Kamtedza anabuula ngati ng'ombe, ndipo kubuulako n'kumene kunaitana atsibweni. Anapeza mayi wophimba kumaso akusinja m'nyumba ya eni.

"Achemwali, mwayamba kusinja mkamwini?"

"Sindikumuona, sindikumugwira, sindikumulankhula," anatero Nangondo, munsi osaimitsa. "Mwambo umene ndaphwanya ndi uti, achimwene?"

Atsibweni anayang'ana munsi. Anayang'ana nkhuku.

"Nkhuku," anatero Nangondo, "uwauze anthu oima chabe kuti mpunga wazizira. Akatenthetse wina."

Atsibweni anapita kukasonkha moto, ndi ndevu zawo zonsezo.

Kamtedza anasinjidwa m'mawa, anasinjidwa masana, anasinjidwa dzuwa likupendeka. Tsiku lina anatembenuka yekha. Lina anakhala tsonga. Linalo anafunsa nkhuku kumene kunali khasu lake.

Mvula yoyamba inamupeza m'dambo, matope mpaka m'mawondo, akumaliza ndime yotsiriza. Mkazi wake pobwera kutsidya anapeza dambo lolimidwa ndi mwamuna wonenepa, ndipo pamudzi ponse panalibe amene anafuna kumufotokozera.

Ndiye mwamva, anthuni. Ulemu ndi wabwino, koma suthowa msana. Mnzako akagona, peza polankhulira, ngakhale pakhale pa nkhuku.

Phulani mphika, mpunga ungapserere. Yanga nthano yathera pompa.