Mkono wa Pulofesa Kaliwo

Pulofesa Kaliwo, mkulu wa maphunziro a unamwino pa yunivesite ina, anaitanitsa mphunzitsi wina, Mayi Chagwa.

"Yotamu, mwana wa mchemwali wanga, mwamulepheretseranji? Ameneyu ndi katswiri! Akhoze lero lomwe, apo ayi ntchito yanu yatha."

Mayi Chagwa sanatsutse.

"Akhoza ndithu, bwana. Angobwereza mayeso obaya jakisoni. Poti ukatswiri wake mukuudziwa ndinu, tibwerekeni mkono."

Pokanira panasowa. Pulofesa anapinda malaya.

Yotamu analowa jakisoni ali m'manja. Anakweza jakisoniyo m'mwamba, n'kutsinzina.

"Amalume, paja mtsempha umakhala chapati?"

Pulofesa anadumphira kuseri kwa Mayi Chagwa.

"Mayi, mukuyembekezanso chiyani? Lembani msanga, abwereze chaka!"