Mazira a Limu

A Alika Freitas anali kutsuka mpunga pasinki pamene anamva mawu a neba wawo pakhomo la kuseri.

"Odi, a Alika! Bilimankhwe wa mwana wanu watsika panthambi. Ali pansi m'kholamo, akukanda thabwa."

Anali a Corazon Agbayani, amene anthu onse a m'tauni ya Makawao ankangowatchula kuti Manang Cora, kutanthauza achemwali a Cora. M'manja anali ndi mapapaya awiri, monga ankachitira chimwalirireni mkazi wa a Alika. Bamboyo anapukuta manja pabuluku n'kutulukira pakhonde pomwe panali khola lawaya. Kanyamako, kobiriwira, kachisoti chachitali pamutu, kanali pakona kakupalasa ndi timiyendo take, mimba itatupa.

Anali Limu, wa Healani, mwana wawo yekhayo. Mtsikanayo anam'tola mumpanda wamaluwa ali wamng'ono ngati chala, nam'lera mpaka kukula. Popita ku Honolulu kukaphunzira unamwino sanapemphe kanthu kena. "Adadi, Limu ndam'siya m'manja mwanu," anatero pabwalo la ndege, ndipo a Alika, amene sankalonjeza wamba, analonjeza.

"Ali ndi mazira ameneyo," anatero Manang Cora. "Pezani ndowa yakuya, muthiremo mchenga wonyowa, muiike m'kholamo, khola lonse muliphimbe ndi nsalu. Ndipo musam'suzumire. Akaona diso la munthu amasiya kukumba."

A Alika anaseka chiseko chopanda chimwemwe. "Mazira? Manang, mwayamba kulawa kapu m'mawa uno? Ine ndakalambira kumtunda kuno ndikuweta ng'ombe. Abilimankhwe ndawaona ndi maso angawa akubereka m'mitengo ya mapeyala. Ana amatuluka amoyo, mayi ali panthambi."

"Amenewo ndi a nyanga zitatu aja. Uyu ndi mtundu wina, taonani chisoticho. Mwana wanga wa ku Las Vegas amaweta otere, ndinaona ndekha."

"Ku Las Vegas anthu amaona zambiri akaluza ndalama. Nanga mazirawo wam'patsa ndani poti mwamuna palibe? Kapena tambala wanu uja wayamba kudumpha mpanda?"

"Nkhuku zanga zimaikira tambala ali m'poto, achimwene." Mayiyo anatsitsa mawu. "Ndipo mukudziwa kuti mtundu umenewu boma silitilola kuweta pachilumba pano. Zikavuta, kam'perekeni nokha kwa oyang'anira zinyama. Wopereka yekha samuimba mlandu."

Apa m'pomwe moto unabuka. A Alika sanamve za kupulumutsa kanyamako. Anangomva boma ndi mlandu, ndipo m'maganizo mwawo anaona dzina la Healani likudetsedwa asanayambe n'komwe ntchito.

"Ohoo! Ndiye mapapayawa ndi ozondera nawo nyumba yanga? Tengani, mukawapatse a bomawo! Ndipo phazi lanu lisapondenso pakhonde pano!"

Manang Cora anatuluka ndi mapapaya awo.

M'mawa mwake a Alika anapeza ndowa yodzaza mchenga wonyowa pamasitepe, pamwamba pali nsalu yopinda bwino. Anaimenya theche. Ndowayo inagubuduka mpaka m'maluwa, chala chaphazi n'kutsala chikuwawa tsiku lonse, ndipo ululuwo nawonso anauwerengera Manang.

Kuyambira pamenepo anagwira ntchito yosamala Limu ndi khama la munthu wofuna kupambana mkangano. Akam'peza pansi, ankam'nyamula n'kum'bwezera panthambi yapamwamba, poti ndi pomwe mayi amaberekera. Limu ankatsika, iwo n'kum'kwezanso. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi khola, maso ali tong'o, kudikira kuti ana akayamba kugwa aitane neba adzachite manyazi. Healani akaimba foni, ankayankha mwachidule: "Ali bwino. Wanenepa ngati wansembe."

Lamulungu ku Misa, itafika nthawi yopatsana moni wa mtendere, Manang Cora anatembenuka natambasula dzanja. A Alika anayang'ana kuguwa ngati aona chozizwitsa. Komabe mapapaya sanaleke kubwera. Ankawapeza pamtengo wa mpanda, ndipo ankawasiya pomwepo mpaka mbalame zitawaboola.

Kenaka Limu analeka kudya. Nkhululu zinkayenda pamphuno pake iye osaponya lilime. Kubiriwira kuja kunazilala, khungu linada ngati tsamba lofota, maso analowa m'kati. A Alika ankadziuza kuti ndi zowawa za kubereka. Mtima unkawauza zina, koma iwo ankaukalipira kuti ukhale chete.

Tsiku lina popita kukam'waza madzi, anaona kanthu koyera pathabwa, pansi penipeni pa nthambi. Anakatola. Kanali kofewa, kotalika ngati nyemba, kophwanyika mbali imodzi. Linali dzira.

Anaima nalo m'dzanja. Ndiye kuti masiku onsewa kanyamako kankafuna dothi lokumbamo, ndipo dzanja lomwe linkakachotsa pansi linali lawo lomweli. Anathamangira m'maluwa, natola ndowa ija, n'kuyamba kukokolola mchenga ndi manja, akudzitukwana mokweza. "Chitsiru cha munthu! Nkhalamba yopanda mutu!" Anathira madzi, anaika ndowa m'khola, nam'khazika Limu pamchenga. Limu anakanda pang'ono ndi mwendo umodzi, kenaka anagoneka mutu. Mphamvu zokumbira zinali zitathera pathabwa.

A Alika anaphimba khola ndi nsalu, nagwada pakhonde, kolona ili m'manja. Sanasuzumire, ngakhale kuti tsopano kusasuzumirako kunalibenso ntchito. Atavundukula masana, Limu anali atauma. Pansi pa khungu la mimba mazira ankaoneka atandandalika ngati mikanda ya kolona yomwe inali m'manja mwawomo.

Foni kwa Healani anaimba okha, poti bodza linali litawakwana.

"Wafa ndi mazira m'mimba?" Mawu a Healani anali akuthwa. "Adadi, munkati ali bwino! Bwanji osafunsa Manang Cora? Mwana wawo Junior wa ku Las Vegas uja amaweta omwewa!"

"Anandiuza."

"Anakuuzani?"

"Tsiku loyamba lomwe. Anabweretsanso ndi ndowa."

"Ndiye inu munatani?"

Healani sanadikire yankho.

"Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha, adadi. Chimodzi! Amayi akanakhalapo akanamvera." Foni inaduka.

Anam'kwirira Limu pansi pa mtengo wa peyala, m'dothi lomwe anam'mana ali moyo. Atatha anakhala pachitsa, fosholo ili pamiyendo. Anakumbukira yemwe anabwera ndi msuzi wankhuku mlungu wa maliro a mkazi wawo, yemwe ankawaanulira zovala mvula ikagwa iwo ali kutauni, yemwe anasokerera Healani diresi la tsiku lomaliza sukulu. Munthu wofuna kukugwetsa amakusiya uyende mpaka kuphompho akukuombera m'manja. Amene amalimba mtima kukuuza zomwe sukufuna kumva, nalolera kuti um'tukwane, ndiye wako. Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.

Anadzuka, manja akadali ndi dothi, nazungulira kuchipata cha kutsogolo kwa neba wawo m'malo modutsa pampanda monga mwa masiku onse. Manang Cora anali pakhonde ndi amayi awiri a kwaya, akusoka maluwa okakongoletsera kutchalitchi. A Alika akanatha kudikira kuti alendowo achoke. Sanadikire. Anavula chipewa, naima pansi pa masitepe.

"Mwabwera kudzanditukwana pamaso pa anthu, a Alika?" anafunsa mayiyo, singano ili m'manja.

"Limu wafa, Manang. Anali ndi mazira, monga munanenera." Anakweza mawu kuti onse amve. "Munandichenjeza, ine n'kukutchulani kazitape. Munandipatsa dzanja m'nyumba ya Mulungu, ine n'kulikana. Ndapha chiweto cha mwana wanga ndi liuma langa, ndipo ndakulakwirani inu amene simunandilakwirepo. Manang Cora, chonde, ndikhululukireni."