Mzamba Amene Adalumbira Kusaoloka Mtsinje

Kalekale, kutali uko kudziko la Agiriki, kudali mzamba dzina lake Timareta. Mwana wake wamkazi, Mirina, adakwatiwa kutsidya kwa mtsinje, kubanja limene silidabwere n'komwe pamaliro a bambo a Mirinayo. Zotere munthu saiwala. Timareta adalumbira pamaso pa milungu yawo kuti sadzapondanso mumtsinje umenewo, ndipo kumeneko ankati wophwanya lumbiro saona chaka china.

Ana ake aamuna atatu adakaphunzira kumzinda wa Atene kwa anthu oganiza mozama. Adabwerako ndi ndevu ndi pakamwa basi, azitona akungoyoyoka m'munda.

Tsiku lina m'mawa kudafika uthenga wakuti Mirina akulephera kuchira. Mwana adali atapingasa m'mimba, ndipo azamba akutsidya adali atagwa mphwayi. Timareta adangokhala pansi, nati sapita.

Damoni, wachisamba, adaphunzira kwa munthu wongofunsa mafunso, wodzinenera kuti sadziwa kanthu. Adakhala pafupi ndi amake nawafunsa chimene adalumbirira. Amake adati n'kuti Mirina amve kuwawa. Adawafunsanso kuti Mirina akafa, wotsala ndi kuwawako adzakhala ndani. Timareta adamukalipira kuti adamuyamwitsa pachabe, koma pokalipapo n'kuti akumanga kale mafuta ndi nsalu.

Atafika pamtsinje, adaima poopa lumbiro lija. Apo padabwera Kaliya, wachiwiri, amene mphunzitsi wake ankati zinthu zonse zimayenda, palibe chokhazikika.

"Amayi, madzi amene adamva lumbiro lanu adafika kale kunyanja. Awa ndi achilendo, sakukudziwani."

"Iwe, ndidalumbirira madzi ine, kapena mtsinje?"

"Chotsanimo madziwo, mundionetse mtsinjewo."

Timareta adapondamo.

Koma mvula idali itagwa kumapiri, ndipo padooko madzi adali ofika m'khosi. Lisoni, chitsirizira, ndi amene ankanyozedwa kwambiri, poti mphunzitsi wake ankati nzeru imayambira m'maso. Ankangokhala pagombe kupenyerera nkhanu ndi mbuzi. Iyeyo adagwira amake padzanja, nakwera nawo kumtunda kumene mbuzi zinkaolokera, ndipo adaoloka madzi ali m'chiuno.

Atafika kwa Mirina, Timareta adatembenuza mwanayo ndi manja ake. Khanda lidalira, lalimuna, ndipo Mirina atatsegula maso adapempha phala. Timareta adatuluka panja kukadikira mkwiyo wa milungu. Adadikira ndithu. Chimene chidabwera ndi kuphwanya kwa maondo basi, ndipo adaseka mpaka misozi.

Mkamwini adadzagwada, napepesa za maliro, nati mwanayo atenge dzina la malume amene adabweretsa agogo ake. Pamenepo mpomwe padavuta. Damoni adati popanda iye amayi akadakhalabe pakhomo. Kaliya adati akadathera pagombe. Lisoni adangoloza nsalu yao yonyowa.

Timareta ankadziwa kuti dzina silibwezedwa, ndipo awiri otsalawo adzazikumbuka mpaka imvi. Khanda ndi limodzi, amalume atatu.

Nanga inu, mukadakhala Timareta, mwanayo mukadamutcha dzina la yani: wowadzutsa ndi mafunso, wowachotsa mantha, kapena wodziwa poolokera?