Mvula Imene a Barend Anaiitana

M'nyumba ya a Barend Kotze ku Benoni, pafupi ndi Joni, tsiku linkayamba ndi mitambo. Mkuluyu ankati akadzuka, kapu ya khofi kumanja, bisiketi youma kumanzere, n'kukaima pakhonde maso ali kumwamba, osaphethira. M'mawa wa Loweruka limenelo anakhalitsa panja kuposa masiku onse.

"Bambo a Ruan, khofi wazizira," anatero akazi awo a Elsabe ali pawindo la kukhitchini. "Kumwambako kwalembedwa zotani lero?"

"Kwalembedwa kuti mawa masana kugwa chimvula."

"Ndiye mukumwetuliranji ngati mlimi? Munadzala chiyani inu?"

A Barend anangoseka. Zimene anadzala ankazidziwa okha. Pa unyamata wawo anali woyendetsa galimoto zampikisano, ndipo anathera mphamvu zawo zonse pabwalo lalikulu la kumpoto kwa Joni, pomwe akatswiri a dziko lonse amadzapikisana kamodzi pachaka. Koma pabwalo la kwawo lomwelo, anthu akwawo akuonerera, sanatsogoleko ngakhale kamodzi. Chilonda chimenecho chinakana kupola. Tsopano imvi zili mbuu, anali mkulu wotchera galimoto m'kagulu kakang'ono, ndipo woyendetsa wake anali mwana wawo mmodzi yekhayo, Ruan. Chimene a Barend ankafuna asanafe chinali chimodzi: kuona dzina la Kotze pamwamba pa bolodi losonyeza otsogola pabwalo limenelo.

Vuto linali galimoto. Sinali yoipa, koma pamsewu wouma inali bulu pakati pa akavalo a ochokera kunja. Mvula yokha ndiyo inkafananitsa olemera ndi osauka, ndipo pamsewu wonyowa Ruan analibe mnzake. Manja ake ankamva poterera tayala lisanaterereke.

Choncho atafika kugalaja ya pabwalopo, a Barend anavula jekete n'kuitchera galimoto ngati mvula yayamba kale. Anafewetsa masipuling'i, anaikweza pang'ono kuti mimba yake isamakhudze madzi, ndipo phiko lakumbuyo, lija limakanikizira galimoto pansi, analiimika kwambiri. Ruan atazungulira nayo kangapo anabwera n'kuvula chisoti nkhope ili yakugwa.

"Bambo, galimotoyi mwaisandutsa matiresi. Ndikakhota ikugonera kumbali, ndipo powongoka phikoli likundikoka malaya. Anzanga akundidutsa ngati ndaima."

"Ndaitchera mvula ya mawa."

"Nanga ikapanda kubwera?"

"Ibwera. Thambo ili ndinayamba kuliwerenga iwe usanaganiziridwe n'komwe."

A Lindani Zwane, mkulu woyang'anira matayala, amene anakalambira limodzi ndi a Barend m'magalaja, anapukusa mutu uku akutafuna nyama yofutsa. "Achimwene, inu ndi mitambo munakwatirana liti? Chaka chatha munatilonjeza chigumula, tinapsa ndi dzuwa mpaka kusupuka mphuno."

"Iwe samala mphira wako, zakumwamba undisiyire."

"Ndi mphira womwewo ndikunena. Galimoto yofewa chonchi, pa phula lotentha, matayala iwatafuna ngati chimanga chokazinga. Tiyeni tiitchere pakatikati. Mvula ikabwera tipeza pothawira, ikapanda kubwera sitichita manyazi."

"Pakatikati ndi pomwe ndakhala moyo wanga wonse, Lindani. Palibe amene amakumbukira munthu wa pakatikati."

Tsono lamulo la mipikisano imeneyi n'louma. Galimoto zikatha kuyesedwa liwiro Loweruka, zimatsekeredwa, ndipo palibe wololedwa kusintha katcheredwe kake mpaka mpikisano utatha. Zimene ungakhudze ndi matayala ndi mafuta basi. Onse atatu ankadziwa kuti chimene agwirizane masanawo adzagona nacho ndi kudzuka nacho. Ruan anayang'ana galimoto, n'kuyang'ana bambo ake. Akanatha kukana, poti woyendetsa ndiye amakhala m'katimo. Koma anali mwana womvera, ndipo ngati anali ndi cholakwa, chinali chomwecho.

"Chabwino, bambo. Tiyeni tidikire mvula yanuyo."

Poyesa liwiro anathera kumchira. Madzulo a tsikulo, akudya soseji yootcha kuseri kwa nyumba, a Elsabe anadikira kuti Ruan akalowe m'nyumba, kenaka anafunsa motsitsa mawu.

"Bambo a Ruan, ndifunseko. Mpikisano wa mawawu ndi wa mwanayu kapena ndi wanu?"

"Funso lanji limenelo?"

"Ndangofunsa. Inu munathamanga wanu, unatha. Mwanayu ndinabereka mmodzi."

A Barend anatembenuza nyama imene inali itapsa kale.

Lamulungu kunacha kopanda ngakhale kamtambo ka mankhwala. Anthu anadzaza bwalo ndi maambulera othawira dzuwa, utsi wa nyama uli tolotolo. Apa munthu wanzeru akanayamba kuchepetsa chiwonongeko, koma a Barend anawonjezera. Pamvula galimoto imayenda mofatsa ndipo simwa mafuta ambiri, choncho analamula kuti athiremo ochepa, kuti ipepuke.

Mpikisano unayamba, ndipo theka loyamba linali lomvetsa chisoni. Phiko lija linkalimbana ndi mphepo, injini n'kumamwa mafuta ngati ng'ombe ya ludzu. A Barend, atakhala pakhoma la m'mbali mwa msewu ndi wailesi kukhutu, ankangobwereza mawu amodzimodzi: "Chotsa phazi msanga usanafike pokhota, mwana wanga. Sunga mafuta. Sunga matayala." Ruan ankamvera, ena n'kumamudutsa.

Itakwana nthawi yosintha matayala, galimoto zinayamba kulowa m'magalaja imodzi ndi imodzi. A Lindani anali atakonzeka ndi anthu awo, matayala atsopano ali m'manja.

"Muitaneni mwanayo, achimwene. Matayala akumanzere aja atha."

"Ayi. Tikamuitana tsopano, mvula ikabwera tidzamuitananso. Aime kamodzi kokha, avale a mvula, athire mafuta, basi. Taona kummwera uko."

Kummwera kunalidi kutayamba kuda. Ndipo chifukwa ena onse anali ataima, Ruan, amene sanaime, anayamba kukwera pabolodi popanda kudutsa aliyense. Dzina lija linachoka pansi, linafika pakati, linapitirira. Anthu anayamba kuimirira.

Wailesi inalira. "Bambo, matayala akumbuyowa sakugwiranso. Ndikuyenda pa sopo."

"Pirira pang'ono. Ikubwera."

"Chiwongolero chikunjenjemera. Ndikuganiza kuti tayala lafika pa nsalu."

"Ndati pirira!"

Apo a Barend anakweza maso kumwamba, ndipo munthu amene ankalowa m'tchalitchi pa maliro pokha anapemphera mokweza, anthu akumva. "Igwe, Ambuye. Sindinakupempheni kanthu moyo wanga wonse. Igwe!"

Inagwa. Mvula ya ku Joni sigogoda pachitseko. Kunawomba kamphepo kozizira, bingu linang'amba thambo, madontho akuluakulu n'kuyamba kumenya malata a galaja. Ruan anali wachiwiri. Amene ankatsogolera, mnyamata wa ku Italy, sanafune zambiri, anakhotera kugalaja kukavala matayala a mvula, aja a mizere. Ndipo pabolodi lalikulu lija, kwa nthawi yoyamba chimangidwire bwalolo, pamwamba penipeni panalembedwa kuti Kotze.

Bwalo lonse linaphulika. Anthu ankavina pamvula, akuponya zipewa m'mwamba. A Barend anaimirira, misozi ikusakanikirana ndi madzi.

"Bambo, ndikulowa," anatero Ruan. Anali atayandikira njira yolowera kugalaja.

Apa m'pamene panagona nkhani yonse. Zonse zimene a Barend anakonza zinali zitatheka. Mvula inali itabwera, galimoto inali yotcheredwa bwino kuposa zonse pabwalopo, matayala a mizere anali okonzeka. Akanangoti "lowa," mwina mpikisanowo akanapambana. Koma akalowa, dzina lija likanatsika pabolodi kwa kanthawi, ndipo phokoso lokoma lija likanazilala. Munthu amene wakhala ndi njala zaka zonsezo salola kuti mbale ichotsedwe atangonyambita.

"Ayi, zungulira kamodzi kokha. Msewu sunanyowe mokwanira, a mizere angapse."

A Lindani anawagwira paphewa. "Barend, wapenga? Mwana ali pa matayala a dazi!"

"Kamodzi kokha, mwana wanga. Ukutsogolera. Ukumva anthuwo? Akuitana dzina lako."

Pa wailesi Ruan anati, "Chabwino, bambo." Galimoto inadutsa pakhoma paja ikufwentha madzi, ndipo a Barend anaiimikira dzanja.

Kumunsi kwa bwalolo kuli pokhota pena pomwe msewu umatsetsereka, ndipo madzi onse a kumtunda amathamangira pamenepo. Pomwe Ruan ankafika, panali patasanduka mtsinje. Tayala losalala, lotha kale, lilibe pogwira pamadzi. Galimoto inayandama, inazungulira, inadumpha mchenga wotchingira n'kukamenya chipupa chammbuyo. Phokoso la anthu lija linaduka ngati wazimitsa wailesi.

"Ruan? Ruan, yankha. Mwana wanga, ndiyankhe!"

A Barend anataya wailesi n'kuyamba kuthamanga. Alonda anayesa kuwagwira, anawapulumuka. Anadutsa m'kapinga, nsapato zinatsalira m'thope lofiira, anagwa, anadzuka, anagwanso. Pofika anapeza achipatala atazungulira galimoto, akudula zitsulo. Ruan anali maso, chisoti chili chivalire. Ataona bambo ake ali matope kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anayesa kumwetulira.

"Bambo, tinatsogolera?"

"Tinatsogolera, mwana wanga."

"Nanga bwanji miyendo yanga sindikuimva?"

Madokotala anayesetsa, koma msana unali utathyoka pamalo posalumikizika. Ruan anatuluka m'chipatala patapita miyezi, atakhala pa njinga ya olumala. Kufufuza kunachitika, ndipo ofufuzawo anati inali ngozi ya mvula, yoti ikanagwera aliyense. Palibe anawaloza chala a Barend. A Lindani ankabwera kudzazonda wodwala, osatchula za tsiku lija. A Elsabe sanakalipe, sanafunsenso funso lawo lija. Ankangowaikira khofi patebulo mwakachetechete. Kunena zoona, akanawatukwana zikanawapepukira.

Kubwalo kuja sanapondekonso. Munthu amene ankatchera galimoto zothamanga ngati mphepo anatsala ndi matayala awiri oti aziyang'anira. M'mawa uliwonse, asanamwe kanthu, ankagwada pambali pa njinga ya mwana wawo, kufinya mphira ndi chala, kupopa pang'ono, kuthira mafuta mu ekiselo. Pakhonde paja sankaimanso. Akatuluka panja maso ankakhala pansi.

Dzinja lotsatira litafika, tsiku lina masana anamutengera Ruan kumapeto kwa bwalo la nyumba, pansi pa mtengo wa mapichesi, kuti akapitidwe mphepo. A Barend sanaone kuti kummwera kwada. Anangomva kamphepo kozizira, kenaka bingu. Anagwira njinga kuti athamangire kunyumba, koma mvula inawapeza pakati, ndipo matayala aja anatitimira m'dothi lofewa. Anakankha, sinasunthe. Anakoka, inatitimirabe. Anagwada pansi n'kuyamba kukumba matope ndi manja, akulira ngati mwana.

Ruan, madzi akutsika kumaso, anatambasula dzanja n'kuligoneka pamutu wa imvi uja. Sananene mokwiya. Ananena mofatsa, monga momwe ankayankhira pa wailesi.

"Musalire, bambo. Si mvula yanu ija? Yabwera."

A Barend anakanika kudzutsa mutu. Anapitiriza kukumba, ndipo thope limene ankachotsa linkabwerera pomwepo.

Anapempha mvula, anapatsidwa. Anapempha dzina pamwamba pa bolodi, analiona ndi maso awo. Chimene anaiwala n'chakuti chinthu ukachiitana chimabwera ndi abale ake onse, ndipo sichifunsa kuti wawakonzera malo kapena ayi. Akuluakulu sananame pamene anati walira mvula walira matope.