Dzina Limene Monita Analemba

Panali mtsikana wina wa Sitandade 6, dzina lake Mwatitha, amene aphunzitsi anamusankha kukhala monita. Ntchito yake inali imodzi: aphunzitsi akatuluka, iye azilemba mayina a olongolola. Wolembedwa ankatsala kukumba dzenje la zinyalala anzake akuweruka.

Mwatitha anali ndi anzake atatu a ponda apa m'pondepo. Tsoka lake, atatuwo ndiwo anali olongolola kuposa onse.

Tsiku lina phokoso linamveka mpaka ku ofesi. Aphunzitsi anatumiza mawu kuti akabwera apeze dzina, ngakhale limodzi. Wamkulu wa kagulu kaja ananong'oneza Mwatitha kuti, "Lemba Esinta. Ukangolemba ife, usadzatiyankhulenso."

Esinta anali mlendo, wachibwibwi. Chibwerere anali asanayankhulepo m'kalasimo, kuopa kusekedwa.

Mwatitha analemba.

Aphunzitsi atalowa anawerenga kapepalako. "Esinta, imirira. Umalongolola iwe?"

Mwana uja anayesa kuyankha, mawu n'kukakamira pakhosi. Kalasi yonse inafa nacho chikhakhali.

"Ndikatuluka ndiye lilime limamasuka eti? Katenge khasu."

Mwatitha anacheukira anzake. Maso onse asanu ndi limodzi anali pa iye. Komabe anaimirira.

"Aphunzitsi, ndanama. Sanayankhule."

"Nanga walongolola ndani?"

"Khasulo ndipatseni ine."

Musaganize kuti zinamuthera bwino. Umonita unathera pomwepo, dzenje anakumba mpaka manja matuza. Anzake aja anamutaya, chonsecho sanawatchule n'komwe. Esinta naye ankamulambalala, ndipo ine sindimuimba mlandu. Teremu yonse Mwatitha anadya mbatata yake yekha kuseri kwa kalasi. Kunyumba mayi ake ankangoti, "Mwanayu wayamba msunamo, wakula ameneyu."

Inu makolo, izi zimandiwawa. Mwana akabwera ali ndwii, osafuna kudya, timathamangira kunena kuti ndi za ana, mawa agwirizana. Pa msinkhu umenewu kutayidwa ndi anzako kumapweteka kuposa chikwapu. Mukhazikeni pansi, mumufunse, ndipo mudikire yankho lake. Mwina lero waimirira pamene inu, ndi imvi zanuzo, mukanangokhala chete.