Munda wa Amayi pa Chithunzi cha Setilaiti

Rukia ndi Asiyatu, sitikusamukanso! Mayeso a Fomu 4 ndilemba nanu limodzi. Dikirani ndikuuzeni bwinobwino.

Mukukumbukira zithunzi za setilaiti zimene aphunzitsi anationetsa, za pamene mtsinje wa Linthipe umathirira m'nyanja? Ndinakazionetsa bambo pa foni. Pa chithunzi cha kale, minda ya mpunga ili yobiriwira mpaka m'mphepete mwa madzi. Pa cha chaka chino pali mchenga wotuwa ngati chipsera, ndipo chipseracho chadutsa pakati penipeni pa munda wa amayi. Tsiku limenelo bambo sanadye. Anati ankayesa kuti mchengawo wakwirira ife tokha, koma tsopano aona kuti dambo lonse likufa. Anati tilongedze, tipite kwawo ku Namwera, kumudzi kumene sekondale ili kutali. Amayi ankangolira, poti manda a mayi awo ali konkuno.

Lero itatha swala ya Juma, pemphero lathu la Lachisanu, bambo anapita kukatsanzika kwa Shehe Aufi, amene amatiphunzitsa kumadrasa, ndipo ananditenga kuti ndikatsegule zithunzizo. Tinawapeza akusesa pakhonde la mzikiti. Bambo atapereka salamu ananena kuti Mulungu walitaya dera lino, umboni wake wachokera kumwamba komwe.

Shehe anayang'ana nthawi yaitali, ndipo sanatsutse. Anavomera kuti mitengo ya kumtunda tinaiotcha makala tokha, ndi kuti mwina iwo adzamwalira mchengawo usanachoke. Kenaka anapempha bambo mwaulemu.

"Che Jafali, cha kale ndachiona, cha chaka chino ndachiona. Chonde ndionetseni cha chaka chamawa."

Bambo anati, "Chimenecho palibe, Shehe. Makinawo amajambula zimene zachitika basi."

"Ndiye makina akwera kupitirira mitambo, koma za mawa sanazione. Inu mwaziona bwanji muli pansi pano? Za mawa zili m'manja mwa Allah. M'manja mwanu muli khasu."

Tinatsanzika n'kubwerera. Titafika kunyumba bambo anauza amayi kuti amasule mitolo.

Theka la munda lapita ndithu, ndipo mpunga wa chaka chino sutifikitsa patali. Koma mawa m'mawa tikubzala nsenjere ndi bango m'mbali mwa mtsinje, bambo ali patsogolo. Bwerani mudzaone, ndipo musaiwale makasu.