Mutu wa Rigoberto ndi Denga la Mwala

Pakamwa pa senote, phanga lodzaza madzi kuseri kwa Tulum, pali thebulo lalitali la matabwa pomwe anthu amayala zida zawo asanalowe pansi. M'mawa umenewo Mayi Herminia Canul, mphunzitsi wa olowa m'mapanga a madzi, ankayesa mathanki awo awiri a mpweya ndi matochi atatu pamene Rigoberto Pech anatulukira ndi mlamu wake Nicanor.

Rigoberto anakulira m'nyanja ya ku Cozumel, kuonetsa alendo nsomba pansi pa madzi, ndipo chifuwa chake chinkafika pamalo mwini wake asanafike. Zomwe anakhuthula pathebulo zinali zomvetsa chisoni: thanki imodzi ya mpweya, paipi yong'aluka yokulungidwa ndi tepi, ndi tochi yofuna kuimenya kaye mbama kuti iyake.

"Achimwene, izi mukupita nazo kudzala kapena m'phanga?" anafunsa Mayi Herminia.

"Mayi, ine ndinayamba kupuma pansi pa madzi inu mukusewera masanje."

"Chabwino. Nanga chingwe chokulondolerani potuluka chili kuti?"

"Chingwe n'cha mbuzi. Zikavuta munthu umangokwera m'mwamba. Ndikudziwa kale zonsezi."

"Kunyanja, inde, m'mwamba muli thambo. Muno m'mwamba ndi mwala. Tengani zida zangazi, tilowe limodzi."

Rigoberto anaseka mpaka mano a m'mbali kuonekera. Mayi aja atawona kuti akuthira madzi pamsana pa bakha, anatembenukira kwa Nicanor. "Inu bambo, ana anu mukuwasiyira ndani?"

Pomwepo Nicanor anakumbukira kuti khutu likumupweteka. Anakakhala pamthunzi pafupi ndi mayi wogulitsa chakudya chotchedwa panucho, ndipo khutulo silinamulepheretse kudya.

Rigoberto analowa yekha. Anadutsa chikwangwani cha m'madzi chojambulidwa chigaza osachicheukira, napitirira mkati mwa phanga akupalasa miyendo mwamphamvu monga amachitira kunyanja. Matope osalala omwe anagona pansi kuyambira kalekale anadzuka onse, madzi oyera aja n'kusanduka phala. Chingwe chomangidwa m'phangamo ndi anthu ena, chomwe sanafune n'kuchikhudza komwe, chinazimirira. Tochi inazima, ndipo ulendo uno mbama sizinathandize. Kenako tepi uja anatopa ndi ntchito yomwe sinali yake, mpweya n'kuyamba kuthawa ngati madzi a m'dengu.

Apo thupi la Rigoberto linachita zomwe linazolowera: linathamangira m'mwamba. Mutu unakumana ndi denga. Anasunthira pambali n'kuyesanso, koma denga linali lomwelo, ndipo silinafunse kuti mwini mutu wakhala zaka zingati m'nyanja.

Kunja, Mayi Herminia anali atavala kale zida zawo, maso ali pamadzi. Ataona matope akufuka pakamwa pa phanga, analowa nthawi yomweyo. Mumdimamo ankalondola chingwe ndi zala, makutu akutsatira phokoso la thanki yogunda mwala. Anamupeza atamatirira kudenga ngati nalimata, akukanda mwala ndi zikhadabo, mpweya utatsala wa kamwa limodzi. Anamulowetsa m'kamwa paipi yawo yapadera, namugwiritsa chingwe, n'kumukoka pang'onopang'ono mpaka kuwala kunaoneka.

Atatuluka, Rigoberto anagona chagada pamiyala, zikhadabo zitathyoka, pamutu patamera kamutu kena. Chifuwa chija chinali chitabwerera m'malo mwake. Anthu anamuzungulira, ndipo Nicanor anafika akutafunabe.

"Alamu, m'mwamba muja mwapezamo chiyani?"

Dzanja la Rigoberto linali litafumbatabe chingwe chija ngati mwana wokana kusiya bere.

"Achimwene," anatero mayi aja akuvula zida zawo modekha, "mbuzi yafika pakhomo. Chingwecho mukhoza kuchisiya tsopano."

Madzulo ake Nicanor anayendetsa galimoto, Rigoberto atakhala kumbuyo ndi nsalu yonyowa pamutu. Paipi ya tepi ija inatsala pathebulo, ndipo Mayi Herminia anaikhomera pamtengo kuti wophunzira wawo aliyense aziyamba waiona asanavale thanki. Akuluakulu sananame: ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.